Datsun ya Pansi pa Mango

"Tembenuzaninso kiyi, aphunzitsi! Koma phazi lanulo lipepuke, mukuimwetsa petulo wambiri!" anakuwa Twaibu, mutu uli m'kati mwa boneti.

A Lodwick anatembenuza kiyi. Injini inatsokomola kawiri n'kukhala duu. Zinatsala n'kulira ndi nyenje zokha, mumtengo wa mango umene unafunditsa galimotoyo mthunzi. Kunatentha tsiku limenelo, kutentha kwa Novembala kwa kunyanja kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

"Ikukana," anatero a Lodwick.

"Sikukana iyi, ikuchita manyazi," anayankha Twaibu akupukutira manja pa ovolosi. "Chinthu chagona zaka zonsezi, mukufuna chidzuke ngati msilikali? Dikirani ndiuziremo mu kabuletamu."

Twaibu anali makaniko wa injini za maboti kudoko la Chikombe, kumene asodzi amanyamukira popita ku chilumba cha Mbenji. Za galimoto sankazidziwa kwenikweni, chimodzimodzinso a Lodwick, amene anali mphunzitsi wopuma pantchito. Koma awiriwa anali atamasula ndi kumanga injini imeneyi kambirimbiri, wina akuonera kanema wa pafoni, wina akutsutsa, mpaka bauti iliyonse ankaidziwa khalidwe lake.

Galimoto yake inali Datsun ya zitseko ziwiri, yakalekale, yopangidwa ku Japan a Lodwick akadavala kabudula wa kaki. Anaipeza ku Chitala kuseri kwa chigayo, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Munthu wina aliyense akanangoona chiphapha n'kudutsa. Iwo anaona msana wake wotsetsereka uja ndi mphuno yaitali ija, mtima n'kuwathawa. Inafika pamudzi itakokedwa ndi ng'ombe za ngolo, ana onse a m'mudzi ali pambuyo kuiimbira nyimbo.

Akazi awo, a Deliwe, anatuluka m'khitchini tsiku limenelo n'kugwira m'chiuno.

"Bambo a Irene, za mitala tinagwirizana liti? Ndiye posankha mkazi mnzanga mwasankha wakufa kale?"

Anaikankhira pampata wa pakati pa nyumba ndi khitchini, poti pabwalo pankasewera ana. Pampatapo panalibe mthunzi. A Deliwe ataona amuna awo akupsa ndi dzuwa Loweruka lililonse, thukuta lili kamukamu, anatenga nthangala ya mango imene anali atangomaliza kuyamwa n'kuikwirira kutsogolo kwa galimotoyo.

"Dzuwa lingandiphere mwamuna," anatero. "Ndipo muona, mango a mtengo uwu ndidya, galimoto yanuyi isanasunthe."

Anadyadi, ndipo anadya zaka zambiri. Mtengo unakula, unayala nthambi pamwamba pa Datsun, mpaka a Lodwick anachita kupempha ukonde wakutha kwa asodzi n'kuumanga m'munsi mwa nthambizo kuti mango akamagwa asamaphwanye denga. Nawonso sanagone. Dzimbiri anapala ndi manja, mabowo apansi anawotcherera, mawaya odyedwa ndi makoswe analumikiza umodziumodzi. Chitsulo china ankachidikira chaka chathunthu kuti chipezeke kumsika wa zitsulo zakale ku Lilongwe. Mafoni a makanema atabwera, matenda anakula. Anaona mmene anyamata a ku Japan amazitsitsira galimoto zotere mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi, matayala otambalala atatulukira m'mbali. Basi, nawonso anadula masipuling'i, anapeza matayala onenepa, ndipo Twaibu anawaumbira madigadi otukuka ophimba matayalawo ndi faiba yomatira maboti. Penti anasankha a Deliwe, yachikasu chowala, ati kuti anthu a ku Lizulu adzawaone akadali kutali.

Ku Lizulu, ku Ntcheu, n'kumene kunali kwawo kwa a Lodwick. A Deliwe anali atapitako, inde, koma nthawi zonse pa maliro, atapanikizika kumbuyo kwa minibasi, thumba la wina lili pamiyendo. Ankalakalaka atapitako kamodzi kokha kopanda wolira, atakhala kutsogolo, pawindo. Mpando wawo wakumanzere anausokera okha chovala cha chitenje cha maluwa obiriwira, n'kuikako kathumba m'mbali koikamo kampango. Mpando umenewo sankalola munthu wina kukhalapo, ngakhale abusa.

Ndiye Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi, a Deliwe ankatenga lichero la mtedza wosenda n'kukalowa m'galimoto. A Lodwick ankagwira chiwongolero. Galimoto ili pa njerwa, injini ili m'zidutswa m'katoni.

"Tanyamuka?"

"Kalekale. Apa tikudutsa pa Khombedza."

"Tsekani galasi, fumbi."

A Lodwick ankatambasula dzanja n'kupukusa chogwirira, ngakhale zaka zoyambirira pachitsekopo panalibe ndi galasi lomwe. Ankadutsa ku Salima, ku Chipoka ankachepetsa liwiro kuti mayi aone nyanja, pa Golomoti ankakhota n'kuyamba kukwera zitunda za Khwekhwerere, a Deliwe akugwira lichero ndi manja awiri pamakona. Koma akafika pamwamba penipeni, mayiwo ankasasa makoko a mtedza pachitenje n'kunena kuti, "Imani pompano. Ku Lizulu tisafike lero, tidzafika galimoto ikadzalira." Ankatsika n'kukateleka ndiwo.

A Deliwe anamwalira nyengo yozizira imene inali itangopitayo, atadwala kanthawi kochepa. Injini inali isanalire.

Tsono a Lodwick anali mkamwini. Nyumba anamanga ndi thukuta lawo, koma pamalo a kuchikazi. Mwezi wa Okutobala abale a mbali zonse anakhala pansi n'kuwasudzula, kuwamasula monga mwa mwambo kuti ukwati watha ndipo akhoza kubwerera kwawo. A Noah, mlongo wake wa malemu, amene ankayang'anira mbumba yonse, ananena poyera kuti, "Alamu, palibe akukuthamangitsani pano." Ankanena zoona. Koma a Lodwick sanali mwana. Nyumba inali ya mwana wawo Irene tsopano, ndi mwamuna wake, ndipo ku Lizulu achemwali awo anali atawasungira munda, mvula ili pafupi. Anavomera kupita, koma anadziikira lamulo limodzi lokha. Kuno anabwera pa lole ya boma ali mnyamata, kwawo adzabwerera pa galimoto yawo, kudzera ku Khwekhwerere, monga anawalonjezera mayi a Irene. Ulendo unali wa mawa lake, ndipo n'chifukwa chake Twaibu anasiya maboti a anthu kudoko n'kulawirira kuno.

"Tayesaninso," anatero Twaibu akudzutsa mutu. "Bismillah!"

A Lodwick anatembenuza kiyi. Injini inatsokomola, inagwedezeka, inatsokomolanso, kenako inalira. Abale inu, inalira! Poyamba inkachita ngati ikutsamwa, koma mawu anayamba kusalala, kukhala akuya, olemera, omveka m'chifuwa. Utsi wabuluu unafuka kumbuyo. Nkhuku zinabalalika, mbuzi ya a Noah inadula chingwe. Irene anatulukira kuseri kwa nyumba kumene ankachapa, thovu la sopo lili m'manja.

"Alhamdulillah!" anakuwa Twaibu akudumpha ngati wagoletsa chigoli. "Ndinanena ine! Ndinanena kuti ndi manyazi chabe!"

A Lodwick sanakuwe. Manja awo anali pachiwongolero chimene chinkanjenjemera pang'onopang'ono. Anatembenukira kumanzere. Chitenje cha maluwa obiriwira chija nachonso chinkanjenjemera, monga amachitira mapewa a munthu amene akuseka koma sakufuna kumveka.

Posakhalitsa pabwalo panadzaza. Amayi ochokera kumjigo anatula zidebe, ogulitsa usipa anaimika njinga. A Noah anabwera akuthamanga, khasu lili paphewa.

"Alamu! Ndiye chinthuchi chinali chamoyo nthawi yonseyi?"

"Patukani, alamu, ndikuitulutsa," anatero a Lodwick.

Analowetsa giya yoyamba. Datsun inasuntha yokha, koyamba chifikireni pamudzipo, ndipo anthu anaomba m'manja. Inakwawa pang'ono, pang'ononso, kenako pansi panamveka kuti gwa!

"Imani! Imani, aphunzitsi!" anakuwa Twaibu akumenya boneti ndi chikhatho.

A Lodwick anathimitsa injini n'kutuluka. Mimba ya galimoto inali itakhala pa muzu wa mango umene unatukuka pamwamba pa dothi. Koma muzuwo sunali nkhani, akanatha kuyala matabwa. Nkhani inali m'mbali. Digadi la mbali ina linali litatsamira thunthu la mtengo, la mbali inayo likupala ngodya ya nyumba, pamene mphuno yokha ndi imene inali italowa pampatapo.

"Sizingatheke," anatero a Lodwick. "Ndinayeza ine. Ndinayeza!"

Anathamangira kukhitchini n'kusolola nsungwi yakuda ndi mwaye imene inali itatsomekedwa kudenga. Nsungwi imeneyi anaidula okha molingana ndi kutambalala kwa galimoto, tsiku limene a Deliwe anakwirira nthangala ija, ndipo anayeza nayo mpata wotulukira n'kupeza kuti malo analipo otsala. Chaka chotsatira anayezanso, n'kuyezanso china, kenako mtima unakhala pansi, nsungwi n'kuiwalika kudenga. Tsono anaigwira chopingasa pamaso pa anthu onse n'kuilowetsa pakati pa mtengo ndi nyumba. Nsungwi inakana. Anaipendeketsa, anaikweza, anaitsitsa, koma inakanabe.

Twaibu anailanda n'kuigoneka pamwamba pa boneti. Madigadi a faiba aja anatulukira uku ndi uku, chikhatho chathunthu mbali iliyonse.

"Ayi, aphunzitsi, apa talakwa tonse," anatero akukanda m'mutu. "Ife kunenepetsa galimoto, mayi kuthirira mtengo. Aliyense kunenepetsa chake, osafunsana."

Anthu anaseka, ndipo panalibe wowaletsa, poti zinali zoseketsadi. Munthu kukhala pansi pa mtengo zaka zonsezo, kudya mango ake, kuumangira ukonde, osaona kuti ukumutsekera njira! Koma kuseka kunazilala msanga ataona nkhope ya a Lodwick.

Nzeru zinayamba kubwera, aliyense ndi yake. Wina anati achotse madigadi ndi matayala onenepawo, koma Twaibu anamuonetsa nsungwi ija, yoyezera galimoto ikadali yoonda, imene nayonso inali itakana. Wina anati aibweze chafutambuyo, koma kumbuyo kunali khoma la nyumba ya njerwa imene a Noah anamangira mwana wawo wamkazi. Wina anati agumule khitchini, koma kuseri kwake kunali chigwembe chimene madzi a mvula anakumba. Msodzi wina anati aitane anyamata a kudoko aipendeketse n'kuinyamula chammbali monga amachitira boti.

"Denga ili n'lowotcherera, lingaphwanyike ngati chitini cha mkaka," anayankha Twaibu. "Ndipo nthambi yaikuluyo mudutsa nayo bwanji?"

Aliyense ankayang'ana mtengo, koma palibe ankafuna kuyamba kunena. A Noah anachoka, ndipo pobwera anali ndi nkhwangwa. Anaitsamiritsa pathunthu la mango.

"Alamu, ndimvereni," anatero. "Mtengo uwu anabzala ndi mlongo wanga, ndiye kuti ndi wa mbumba, ndipo wolankhulira mbumba ndine. Ndakupatsani. Dulani. Mlongo wathu munamusunga bwino mpaka tsiku lomaliza, ife tinaona ndi maso. Simungachoke pano wapansi ngati wakuba chifukwa cha mango."

A Lodwick anayang'ana mwana wawo. Irene anali ataima pakhomo la khitchini, thovu lija litaumira m'manja.

"Dulani, ababa," anatero, maso ali pansi. "Tidzabzala wina."

Kunena zoona, a Noah akanakhala munthu wouma mtima zikanaphweka. Akanakaniza mtengowo, a Lodwick akanakwiya, akanapeza womunena kwa achemwali awo ku Lizulu. Koma apa nkhwangwa inali pomwepo, yonoledwa bwino, ndipo wowaletsa panalibe.

"Kwatentha," anatero a Lodwick. "Tidikire dzuwa lipepe kaye."

Anthu anamva. Amayi anasenza zidebe zawo, a usipa anakwera njinga, Twaibu anati akaswali kaye kumzikiti abweranso. A Noah anapita kukasaka mbuzi yawo. Asanabalalike onse anathandizana kukankhira Datsun m'mbuyo, pamalo ake akale, pamene matayala anali atasiya kale maenje.

A Lodwick analowa m'galimoto n'kutseka chitseko. Munkanunkha petulo, penti ndi mango akupsa. Kupyola pagalasi lakutsogolo, pakati pa thunthu ndi ngodya ya nyumba, pankaoneka kachidutswa ka nyanja kali mbuu ndi dzuwa la masana, chilumba cha Mbenji chikuoneka ngati chalekana ndi madzi n'kumayandama m'mwamba. Mithunzi ya masamba inkayendayenda pa boneti. Nyenje zinkalira osapuma, ndipo zikope zawo zinayamba kulemera.

"Tanyamuka?"

Sanatembenuke. Ankadziwa kuti akatembenuka aona chitenje chokha.

"Kalekale," ananong'ona. "Apa tikudutsa pa Khombedza."

"Tsekani galasi, fumbi."

Msewu unatambasuka patsogolo pawo, wakuda, wosalala, wopanda ndi dzenje limodzi lomwe. Injini inkalira mawu akuya aja. Milambe inkabwera n'kudutsa, ana a sukulu ankaimika masewera n'kumaloza chinthu chachikasu chimene chinkauluka chapansipansi. Ku Salima apolisi apamsewu anangovula zipewa. Ku Chipoka anachepetsa liwiro, nyanja inabwera mpaka m'mphepete mwa msewu, ndipo anamva makoko a mtedza akusweka pambali pawo, the, the, the.

"Mwaiona mmene ikugwirira msewu? Ndi matayala aja munkanditonza nawo."

"Yang'anani kutsogolo, bambo a Irene, mungatigwetsere m'madzi. Kudzitama mukadzitame kwanu."

Pa Golomoti anakhota. Zitunda zinayamba, msewu ukupindika uku ndi uku, Datsun ikukwera osadandaula. Kutentha kunatsalira m'munsi. Kamphepo kozizira kanalowa, konunkhira utsi wa nkhuni ndi dothi lonyowa, kamphepo ka kwawo. Anadutsa amayi osenza mbatata ya kachewere, anadutsa nkhungu yopyapyala imene inali itagona pamsewu. Atafika pamwamba penipeni anaona chigwa chonse chili pansi pawo, nyanja ili kutali ngati nsalu yoyanika. Anadikira mawu aja, akuti imani pompano.

"Mwafika pati, ababa?"

A Lodwick anadzidzimuka. Pawindo panali Irene, atanyamula kapu ya thobwa.

"Iwe, unkamva?"

"Mudzi wonse unkamva, ababa. Ife ana tinkabisala kuseri kwa khitchini n'kumaseka. Tikamva kuti mwafika pa Golomoti tinkadziwa kuti ndiwo zatsala pang'ono kutelekedwa."

A Lodwick anaseka, misozi n'kutsikira limodzi ndi kusekako. Analandira thobwa n'kumwa pang'ono.

"Tili pamwamba pa Khwekhwerere," anatero.

"Ndiye ndi paja amayi ankatsikira." Irene anapalasa penti ya chitseko ndi chala. "Tsiku lina ndinawafunsa kuti bwanji simufika ku Lizuluko, poti n'zongoyerekeza. Anati, mwana iwe, ulendo wokoma sumaumaliza pa njerwa. Ndidzakafikako ndili pa mpando wangawu, anthu akuona."

Pamwamba pawo panamveka kuthothoka, ndipo bango lakupsa linagwera mu ukonde n'kumagwedezeka pamenepo. Onse awiri analiyang'ana. Irene anatenga kapu n'kubwerera kukhitchini, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

A Lodwick anatuluka m'galimoto. Dzuwa linali litapendeka, ndipo chonamizira chinali chitatha. Anagwira nkhwangwa, anaiyeza kulemera, anaima bwino n'kuyang'ana pathunthu poti ayambire. Pamenepo ndi pamene maso awo anagwera pa sipanala.

Inali sipanala ya nambala thwelofu, yolendewera pa msomali ndi kawaya. Sipanala imeneyi inkasowa Loweruka lililonse, ndipo a Lodwick ankasokoneza nyumba yonse poifuna, kunamizira ana, kunamizira nkhuku. Tsiku lina a Deliwe anatopa nazo. Anatola mwala, anakhomera msomali pamtengo, n'kunena kuti, "Ikasowanso apa, ndiye kuti mwameza." Sinasowenso. A Lodwick ankaichotsa ndi kuibwezera pamenepo mosaganiza, ngakhale m'mawa wa tsiku lomwelo. Koma lero ndi pamene anaona kuti khungwa linali litaumeza msomali uja, kutsala kamutu kokha, ndiponso kuti unali m'munsi, pofika dzanja la munthu wamfupi.

Anaika chikhatho pamtengopo. Unali wozizira, ngakhale kunja konse kunkatentha. Zovala za malemu zinali zitagawidwa kale, mapoto anali a Irene, munda unali utabwerera ku mbumba. Pa zonse zimene mkazi uja anagwira ndi manja ake pamudzipo, chimene chinali chikadapuma ndi kubala chinali ichi chokha. Ndipo anachibzalira iwo, kuti asapse ndi dzuwa. Mtima unawawawa kwambiri.

Twaibu ndi a Noah atabwerera, anapeza nkhwangwa itagonekedwa pakhonde. Chitseko chakumanzere cha Datsun chinali chotsekula, ndipo kunja kunkaoneka miyendo yokha ya a Lodwick.

"Aphunzitsi, mukumasulanso chiyani? Injini ili bwinobwino, musaiputenso!"

"Tagwirani uko, a Twaibu, bauti iyi yachita dzimbiri. Pang'onopang'ono, mungang'ambe chitenje."

Twaibu anasuzumira, anaona chimene chinkamasulidwa. Anagwada n'kugwira. Mpando wakumanzere unatuluka wonse, ndi chovala chake cha maluwa obiriwira, pakati pake pali polowa pamene mwini wake ankakhala.

"Alamu," anatero a Noah, "zaka zonse zija? Muisiya?"

"Ili pamthunzi, alamu. Kwathu kulibe mtengo wotere." A Lodwick anabwezera sipanala pamsomali, kenako anaitana Irene n'kumuika kiyi m'manja. "Lamulungu lililonse uziiliza pang'ono, batire ingafe. Ikavuta uziitana a Twaibu. Ukondewo ukang'ambika usachedwe kusoka."

"Nanga mukamabwera kudzationa mudzakhala pati, poti mpando mwachotsa?" anafunsa Irene, akuyesa kuseka.

"Wanga ulipo. Ine ndine dalaivala."

A Noah anatola nkhwangwa yawo, anaiyang'ana ngati sakuidziwa, n'kuiponya paphewa.

"Mango akamapsa muzibwera, alamu," anatero. "Musadikire maliro."

M'mawa mwake njinga zamoto ziwiri za kabaza zinawatula pa Khombedza, ina itanyamula a Lodwick ndi chikwama, ina itanyamula mpando womangidwa ndi malamba a mphira. Pasiteji panali kale phokoso, ogulitsa mandasi ndi oitanira akulimbirana anthu. Kondakitala wa minibasi yopita ku Salima anathamangira mpandowo n'kuunyamula.

"Uwu tiumanga kumbuyo, madala, pamodzi ndi madengu a nsombawo."

"Ayi. Uwo ukhala kutsogolo, pawindo."

"Mpando kukhala pampando? Madala, mwadzuka bwino koma?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu. Tsekulani chitseko."

Kondakitala anayang'ana dalaivala, dalaivala anakweza mapewa. A Lodwick analowa n'kukhala pakati, pafupi ndi giya, pamalo otentha paja pamene anthu amakana. Mpando anaukhazika pawindo, anauwongola, n'kusalaza chitenje chimene chinali chitakwinyika ndi malamba. Anthu a kumbuyo ankasuzumira n'kumagwedezana ndi zigongono.

"Ndiye muli angati?" anafunsa kondakitala.

"Awiri."

"Mpaka?"

"Inu mutitsitse ku Salima, tikakwera ina. Tikupita ku Lizulu."

Minibasi inadzaza, kondakitala anamenya denga, dalaivala analowetsa giya. Matayala atachoka pasiteji, fumbi la pa Khombedza linatunduka n'kuyamba kulowa. A Lodwick anatambasula dzanja kudutsa pamwamba pa chitenje cha maluwa obiriwira, anagwira chogwirira n'kupukusa mpaka galasi linatsekeka.

"Aaa, madala," anadandaula dalaivala, "kutentha konseku mukutitsekeranso?"

"Fumbi," anatero a Lodwick.